Diso la Efulemu ndi Nkhuku ya Apongozi

Mng'ono wanga Efulemu adabadwa ndi maso osaona patali, ndipo ife abale ake, pokhala anthu achikondi, tidamuthandiza pomuseka. Ankapereka moni kwa zitsa. Tsiku lina adagwadira chulu n'kuchiuza kuti kunyumba onse adzuka bwino. Kusukulu adangokhalako miyezi isanu, chifukwa mphunzitsi akalemba pa bolodi iye ankangoona utsi woyera, ndipo mphunzitsiyo adagamula kuti mwanayu umbuli ndi wobadwa nawo. Palibe adaganiza zomusendeza kutsogolo. Ine ndine Isake, mkulu wake, ndipo poseka ndinkatsogolera ndine.

Koma chinthu chikafika pamphuno pake, Efulemu ankaona zomwe ife tonse sitinkaona. Munga wobisala m'phazi ankauchotsa ndi iye. Ulusi ankaulowetsa pa singano kamodzi kokha, osaunyowetsa n'komwe ndi malovu. Che Salumu, Msilamu wa sitolo ya nsalu pa Nathenje, adaona zimenezi n'kumupatsa makina ndi malo pakhonde. Mng'ono wanga adasanduka telala wotchuka, wosoka mphuno ili pa nsalu, moti ena ankati amayamba wanunkhiza asanadule. Dzina lidabwera lokha: Pamphuno. Paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, tsono kwa Efulemu dziko lonse linkathera pomwepo.

Che Salumu adayesapo kumuveka magalasi a m'sitolo mwawo, aja amagula nkhalamba zofuna kuwerenga kalata za ana awo a ku Joni. Efulemu atawavala adati zafika poipa, ngakhale dzanja lake lomwe sakuliona.

"Awa si ake," adatero Che Salumu. "Mupite naye ku chipatala cha ku Nkhoma, Che Isake. Kumeneko amayamba ayeza diso, ngati mmene iyeyu amayezera chiuno cha munthu asanasoke buluku."

Ine ndidayankha monga mkulu wanzeru. Ndidati magalasi ndi a makalaliki ndi aphunzitsi, ndipo telala wa pakhonde akawavala anthu adzati wayamba kudzimva. Nkhaniyo idathera pomwepo.

Mu 1952 Efulemu adakwatira Enifa, wa mudzi wina kuseri kwa Mitundu, ndipo nkhoswe yake ndidali ine. Monga mwa chikamwini, adamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Sabata yonse ankasoka pa Nathenje, Loweruka n'kupita ku Mitundu wapansi, popeza njinga adaileka atagunda ng'ombe yomwe ankaiyesa mthunzi.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Ukawaona akubwera m'njira umapatukira kutchire, iwonso chimodzimodzi, ndipo kuyang'anana m'maso ndi chipongwe chosasimbika. Mwambowu ndi wabwino ndithu, koma amene adauyambitsa adali ndi maso akuthwa. Sadaganizire za munthu amene amazindikira nkhope pokhapokha mpweya wa mwini wake ukayamba kumuwomba.

Apongozi akewo, a Nambewe, adali mayi woopedwa m'mudzi monse. Sankayamba ndi iwo kupereka moni. Ukamabwera ankakuyang'ana atatsinzina pang'ono, khosi atalisolola, ngati akufuna kudziwa ngati ndiwe munthu kapena zinyalala, ndipo moni wako ankauyankha utafika kale pafupi. Anthu ankati ndi kunyada. Pa ntchito yosankha nyemba padalibe wowaposa: lichero ankaliyandikiza kumaso, ndipo kamwala ngakhale kachepe bwanji sikankawadutsa. Za mkamwini wawo ankanena poyera kuti munthu wonunkhiza nsalu za akazi a eni sangakhale ndi mwambo, tsiku lina adzaonekera.

Efulemu adapeza nzeru yake. Chilichonse chooneka ngati munthu wovala chilundu, iye lumphu, kutchire. Adathawa nthochi. Adathawa mtondo womwe wina adayanikapo nsalu. Adathawa mkazi wake yemwe kangapo konse, Enifa n'kumaima m'njira akuitana, "Tulukani, ndine!" Miyendo yake idali zipsera zokhazokha za minga. Mudzi udapeza chosekera chaulere, ndipo a Gilibati, malume ake a Enifa amenenso adali nkhoswe ya kuchikazi, ankati mkamwini wofunika ndi ameneyu, wolemekeza ngakhale nthochi za apongozi.

Loweruka lina mu Julaye 1954, fodya ali pamsika, Efulemu ankadutsa kanjira ka m'dambo pafupi ndi mudziwo. Udzu udali wautali mbali zonse, mphepo ikuugwedeza, moti chilichonse chinkaoneka ngati chikuyenda. Adaona chinthu chakuda kutsogolo n'kuganiza kuti ndi chitsa chopserera chomwe adali atachithawapo kawiri. Mumtima adati lero chitsa ichi sichindipusitsanso. Chitsacho chidapitiriza kubwera. Atayandikana nacho, mng'ono wanga adachita zomwe amachita ndi nsalu. Adasolola khosi, mphuno yake n'kuiika pafupi ndi mphuno ya chinthucho, n'kufunsa mwaulemu, "Kodi ndani?"

Adali a Nambewe, dengu la mbatata lili pamutu.

Mfuu yomwe adakuwa mayiwo akuti idamveka mpaka kumsika. Efulemu adalumpha chammbali ngati gwape, mutu n'kukagunda pa mtengo wa msuku. Adadzuka n'kuthawabe, chipewa n'kuchisiya pomwepo, ndipo chipewacho chidasanduka umboni.

Lamulungu m'mawa adauza Enifa kuti diso lamanzere likung'anima m'mbali ngati ziphaliwali, chonsecho kumwamba kudalibe ndi kamtambo komwe. Adati mulinso ntchentche zakuda zambirimbiri ndi timaulusi tonga mwaye, zoyandama, ndipo akayang'ana kumbali nazo zimatsatira. Ankangokupiza dzanja kumaso pofuna kuzithamangitsa. Enifa, mwana womvera, adakauza amayi ake. A Nambewe sadadabwe.

"Diso lomwe lidandiyang'analo ndi limenelo," adatero. "Likuyaka ndi manyazi. Silipola mpaka andipepese."

Palibe adafunsa ngati lamanja lidali litatsinzina pa nthawiyo.

Lolemba Efulemu adabwerera pa makina ake, uthenga wa mlandu uli m'manja. Ndidamupeza pakhonde akusoka pang'ono, kukupiza dzanja, kusokanso pang'ono. Che Salumu adandikokera m'sitolo, kuseri kwa mipukutu ya nsalu.

"Che Isake, ine si dokotala, koma diso la munthu si mtambo woti ling'anime. Lachinayi lililonse lole imadutsa pano kupita ku Nkhoma. Dalaivala ndi mnzanga. Mutengeni mupite naye."

"Pali mlandu, Che Salumu," ndidatero. "Akathamangira kuchipatala asanapepese, kuchikazi adzati tanyoza mawu a apongozi. Banja litha."

"Nanga diso likatha?"

"Mwambo wathu simuudziwa inu," ndidayankha, n'kutuluka m'sitolomo pachifuwa patatukuka ngati munthu amene wangopulumutsa mtundu wonse wa Achewa.

Tidakumana koyamba Loweruka lotsatira, pansi pa mtengo wa mango kwa a Gilibati. Chipewa chija chidaikidwa pakati. Tidagwirizana msanga kuti chopepesera chake ndi nkhuku, ndipo a Nambewe akailandira adzamwa madzi n'kulavula pansi posonyeza kuti mtima wawo wayera, diso n'kupola. Chomwe chidatidyera tsiku lonse ndi mtundu wa nkhukuyo. A Gilibati ankati likhale thadzi loti laikirapo kale, chifukwa wolakwiridwayo ndi ntchembere. Ine ndinkati msoti ukwana, popeza mng'ono wanga adangofunsa funso, sadatukwane munthu. Ndidalankhula bwino tsiku limenelo, sindingabise. Amuna adawomba m'manja, mayi wina adaluluta. Dzuwa lidapendeka tisanamvane, ndipo tidati tidzakumanenso Loweruka linalo.

Nthawi yonseyi Efulemu adali atakhala patali monga wolakwa, chikhatho chili pa diso. Titabalalika adanditsatira.

"Akulu," adatero, "ntchentche zija zachepa, koma kwabwera china. Pansi pa diso, chakumphuno kuno, kuli ngati wina waimika nsalu yakuda. Dzulo idali yaing'ono. Lero yakwera."

"Ndi manyazi amenewo, akusonkhana malo amodzi kuti atuluke," ndidatero. Sindikudziwa komwe ndidazitenga, koma zidatuluka mosalala ngati ndidaziwerenga m'buku.

Loweruka lachiwiri a Gilibati adali kumsika wa fodya pa Mitundu, kudikira kuti fodya wawo wa chikopa agulidwe. Adatumiza mawu oti tisadandaule, mlandu suwola, ndiponso kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidaulandira uthengawo ndi manja awiri n'kukaupereka kwa Efulemu wonse, osachotsapo ndi mwambi umodzi. Loweruka lachitatu kudagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo mlandu sukambidwa anthu akulira. Pamenepo sindinganene munthu. Koma maliro sadaletse lole ya Lachinayi kudutsa pa Nathenje. Idadutsa, Che Salumu ataima pakhonde akuiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

M'kati mwa sabata imeneyo Enifa adabwera wapansi kuchokera ku Mitundu kudzaona mwamuna wake. Adamupeza akulimbana ndi singano. Munthu amene ankalowetsa ulusi kamodzi kokha adaphonya kachisanu, ulusi n'kumadutsa pambali. Enifa adamulanda singanoyo, n'kulowetsa yekha, n'kubwera kwa ine.

"Alamu, ine thadzi ndili nalo langa. Litengeni mukanene kuti ndi lanu, zithe. Munthuyu akugunda zipilala."

"Nkhuku ya kuchikazi singakapepese kuchikazi komweko, mlamu. Anthu angatiseke."

Enifa sadali mkazi wolongolola, ndipo mwina n'chifukwa chake mawu ake sadandichokebe m'khutu mpaka lero.

"Inu mudzadya nkhuku, alamu," adatero. "Wodzatsogolera wakhungu ndine."

Loweruka lachinayi tidakumana. Ndidabwera ndi thadzi, lomwelo lomwe ndidalikana ndi luso lonse tsiku loyamba lija. A Nambewe adakhala kuseri kwa nyumba atafulatira, ndipo Enifa adawapititsira chikho. Adamwa madzi, n'kulavula pansi, n'kunena mokweza kuti tonse timve, "Mtima wanga wayera. Diso litseguke." Thadzilo lidaphedwa. Nthutumba adadya a Gilibati, ntchafu ndidadya ine. Sindinama, idakoma. Enifa sadaikhudze.

Titasamba m'manja ndidaitana Efulemu kuti anthu aone ntchito yathu. Ndidamuuza kuti aphimbe diso lamanja, n'kuimika zala zitatu pamphuno pake penipeni, malo amene sadaphonyepo kanthu chibadwire.

"Zala zingati?"

"Ndikungodziwa kuti kunja kuli dzuwa, akulu," adatero. "Basi."

A Gilibati adatsokomola n'kunena kuti chikhululuko chimatenga masiku atatu kuti chichoke m'mimba n'kufika m'maso. Anthu adavomereza kuti zimaterodi.

Lolemba Che Salumu sadapemphenso munthu. Adanyamula makina awo n'kuwatsekera m'sitolo.

"Makinawa ndi anga," adatero. "Sawagwiranso mpaka dokotala amuone. Mwambo wanu sindiudziwa, Che Isake, mudanena zoona. Koma nkhuku mwadya. Chatsala n'chiyani?"

Lachinayi tidakwera lole ija, titakhala pa matumba a mchere.

Dokotala wa ku Nkhoma adali mzungu wamtali wolankhula Chinyanja cha m'Baibulo. Adadontheza mankhwala m'maso mwa Efulemu, n'kumulowetsa m'chipinda chamdima, n'kumuunika ndi kanyali nthawi yaitali, diso lamanzere kenako lamanja, kenako lamanzerenso. Atatha adafunsa ntchito yake. Atamva kuti ndi telala, adamupempha jekete lake n'kulitembenuza.

"Inu mumva msanga," adatero. "M'kati mwa diso, kumbuyo, mudayalidwa kansalu kopyapyala ngati nsalu iyi ya m'kati mwa jekete. Kamene kamaona ndi kameneko. Diso la anthu ambiri ndi lozungulira ngati ndimu. Lanu ndi lalitali ngati dzira, n'chifukwa chake simuona patali. Tsono ndiuzeni, mukatenga nsalu ya m'kati yodulira jekete laling'ono n'kuisokera m'jekete lalikulu, chimachitika n'chiyani?"

"Imakokeka, bwana," adayankha Efulemu. "Imapyapyala. Kenako imang'ambika m'mphepete."

"Ndi zomwe zidachitika. Ziphaliwali zija kudali kukokeka kwa nsaluyo. Ntchentche zija zidatuluka itang'ambika. Madzi a m'diso adalowa pa bowolo n'kuyamba kuimatula pang'onopang'ono, ndipo mdima mumauona ukukwera uja ndi malo omatukawo. Tsopano yamatuka yonse. Anthu osaona patali zimawagwera kawirikawiri kuposa anzawo, chifukwa nsalu yawo ndi yokokeka kale."

Ine ndidafunsa za mtengo wa msuku. Kenako, mawu ali pansi, ndidafunsa za apongozi, n'kufotokoza nkhani yonse ya m'dambo. Dokotalayo sadaseke, ndipo kukadakhala bwino akadaseka.

"Mtengo mwina udafulumizitsa," adatero. "Koma nsaluyi yakhala ikukokeka kuyambira ubwana wake. Ikadatha kung'ambika ali khale pa makina. Za apongozi sindidaziphunzire. Ziphaliwali zidayamba liti?"

"Padutsa masabata anayi ndi masiku, bwana."

Adapinda jekete lija bwinobwino n'kulibweza kwa mwini wake.

"Akadabwera sabata yoyamba, tikadamugoneka osagwedeza mutu, n'kufunafuna njira yotsekera bowolo, ngakhale kumutumiza kutali kwa odziwa ntchitoyo. Sindikulonjeza kuti likadapulumuka, koma mwayi udalipo. Lero nsalu yakhwinyata, siingayalidwenso. Mudali kuti masiku onsewa?"

Adayankha si ine, katswiri wa pansi pa mango, woomberedwa m'manja ndi mudzi wonse. Adayankha ndi Efulemu, mofatsa, ngati akuuza kasitomala tsiku lodzatenga malaya.

"Tinkakambirana za nkhuku, bwana."

Amati chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi chidayimba mwezi wathunthu, ndi ziphaliwali zomwe, ife tili kalikiliki kusiyanitsa thadzi ndi msoti. Ndidachita manyazi amene sindidachitepo chibadwire, ndipo chomwe chidandipweteka kwambiri n'chakuti mng'ono wangayo sadandinene ngakhale liwu limodzi.

Tisanatuluke dokotala adagwira Efulemu paphewa. "Lamanjali nalonso ndi dzira lomwelo, ndipo mwatsala nalo lokha. Musalumphe, musagunde mutu. Mukadzaona ntchentche kapena chiphaliwali, mubwere tsiku lomwelo, ngakhale zikupezeni muli pakati pa pemphero." Kenako adamuyeza magalasi. Adanena kuti magalasi safupikitsa diso ndipo saletsa nsalu kung'ambika, amangothandiza munthu kuona patali. Ine ndidawerengera ndekha kuti kuona patali kokhako kukadakwana kuti azindikire apongozi ake ali kutsidya kwa dambo.

Magalasiwo adafika mu Seputembala, ndipo tidapitanso kukawatenga. Adali ochindikala ngati pansi pa botolo. Efulemu atawavala adatuluka panja n'kuima chilili, kukamwa kuli yasa.

"Akulu, kodi phirili lili ndi miyala? Ine ndinkayesa mtambo." Adayang'ana mtengo wa bulugama n'kunena kuti sankadziwa kuti masamba amaoneka lililonse palokha munthu uli pansi. Kenako adatembenukira kwa ine, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Nanga dazili lidayamba liti?"

Adaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndidayesa kuseka nawo koma sizidatheke. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankaona dziko koyamba, ndi diso limodzi, chifukwa mkulu wake adagamula kuti magalasi ndi a makalaliki.

Loweruka ndidamuperekeza ku Mitundu. Tidafika pa kanjira kaja ka m'dambo dzuwa lili paliwombo. Lupsa lidali litadutsa mbali imodzi, moti munthu ankaonekera patali. Mbali inayo udzu udatsala, kuseri kwa ngalande yofika m'chiuno. Adayamba kuona ndi Efulemu.

"Akubwerawo ndi apongozi," adatero, mawu ake ngati a mwana amene wawerenga kalata yoyamba. "Dengu lili pamutu."

Thupi langa silidadikire nzeru. Ndidamugwira mkono n'kuyamba kumukokera ku ngalande. "Lumpha, iwe! Tayamba kale kuchedwa!" Dzanja lomwelo lomwe lidanyamula ntchafu linkakokera diso lake lotsala ku dzenje, mawu a dokotala asanazizire n'komwe. Efulemu adalimba ngati chipilala. Adachotsa dzanja langa, ndipo ine ndidalumpha ndekha n'kukanyonyomala m'udzu.

"Akulu," adatero osatembenuka, "taonani dzanja lawolo."

Ndidasuzumira. A Nambewe ankabwera pakati pa njira, atatsinzina pang'ono, khosi atalisolola monga mwa masiku onse. Munthu wamkulu ataima poyera kutsogolo kwawo, wovala jekete ndi magalasi onyezimira padzuwa, iwo sadapatuke, sadachepetse ndi liwiro lomwe. Ndipo dzanja lawo lamanja linkakupiza kumaso. Ankayenda pang'ono, kukupiza, kuyendanso pang'ono. Ine wa maso akuthwa ndidayang'anitsitsa, koma padalibe ntchentche ngakhale imodzi.

Efulemu adavula chipewa. Adadikira mpaka atafika poti angamve mawu apansi.

"Amayi, ndine Efulemu."

Mayiwo adaima njii. Kukamwa kudatseguka, ndipo ndidadziwa kuti mfuu ya kumsika ija ikubwera.

"Kuwani, amayi," adatero mng'ono wanga, akuwayang'ana m'maso mwenimweni, "koma muyambe mwandiyankha. Ntchentchezo zidayamba liti?"

Mfuu ija sidatuluke. Dzanja lidatsika pang'onopang'ono.

"Dzana," adatero, mawu atachepa moti ndidachita kutchera khutu.

"Kung'anima?"

"Lero m'mawa. Diso ili."

"Nsalu yakuda mwaiona?"

"Iyayi."

"Ndiye mwayi ulipo. Tikatule dengu kunyumba, Enifa akumangireni zofunda. Ngolo zochokera kumsika zitifikitsa pa Nathenje, kwinako Che Salumu adziwa chochita. Sitidikira Lachinayi."

A Nambewe, mayi woopedwa ndi mudzi wonse uja, adalankhula akuyang'ana pansi.

"Tsiku lija ine sindidakuoneni, akamwini. Ndinkayesa chitsa. Chibadwire sindiona patali. Ndikadanena, akadandiseka ngati mmene amakusekerani inu."

"Akadakusekanidi," adatero Efulemu. "Bweretsani dengulo."

Apa m'pamene nkhoswe ya m'mimba mwanga idadzuka. Ndidafuula ndili m'udzu momwemo, "Efulemu! Mwambo, iwe! A Gilibati akamva zimenezi ndi mlandu wina!"

Adasenza dengu la apongozi ake paphewa, n'kutembenuzira kwa ine galasi la diso lamoyo lija.

"Kawauzeni atole nkhuni zophikira nkhuku ina, akulu. Mukambirane bwinobwino, musafulumire. Ntchafu ndi yanu."

Adanyamuka, iye patsogolo, a Nambewe pambuyo atagwira nsonga ya jekete lake, akuwauza pomwe pali muzu ndi pomwe pali dzenje. Ndidawayang'ana mpaka atakwera kumtunda kwa dambo. Amene adatsala m'tchire atanyonyomala ngati mbava, chitedze chikumuyabwa m'miyendo, ndidali ine, ndipo apongoziwo sadali anga n'komwe.